Nkhata ya ku Mughese

Ine sindine munthu woyendayenda. Mpaka chaka chimene ndinabereka Tusayiwe, kutali kwanga kunali ku boma, ku Chitipa, ndipo nakonso ndinangopitako kawiri, ulendo wa kuchipatala. Koma chaka chimenecho, mwana ali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndinafika ku Lilongwe. Ndinaperekeza apongozi anga aamuna kukaika nkhata pamanda a mtsogoleri wakale wa dziko lino.

Dzina la apongozi anga sindilemba. Kwathu ku Misuku mkamwana satchula dzina la bambo a mwamuna wake. Sawayang'ana kumaso, sakhala nawo pamphasa imodzi, sawapatsa chinthu m'manja. Mukakumana panjira, iwe umapatukira m'nthochi mpaka adutse. Ena masiku ano anazisiya zimenezi, koma pakhomo pathu zinalipobe. Zaka zitatu ndili pabanja, ndinali ndisanalankhule nawo ngakhale moni.

Iwo anagwira ntchito yolondera nkhalango ya Mughese kuyambira ali mnyamata. Atakalamba maso anachita ng'ala, ankangosiyanitsa kuwala ndi mdima basi. Chaka chilichonse, tsiku lokumbukira mtsogoleri uja likafika, ankakhala pakhonde ndi wailesi, kumvetsera mayina a anthu oika nkhata akuitanidwa mmodzimmodzi. Chaka chimenecho anauza mwamuna wanga Lusayo kuti za pawailesi zawakwana.

"Chifuwachi sichindifikitsa chaka chamawa," anatero. "Ndikaike ndekha, ndi manja angawa."

Lusayo anavomera kuwaperekeza. Kutatsala masiku atatu, nkhwangwa inamutema phazi kumunda wa khofi, osathanso kuponda pansi. Alongo ake onse anakwatiwa kutali. Apongozi anati palibe kanthu, apita okha. Lusayo anandiyang'ana nthawi yaitali.

"Nanga tikalankhulana bwanji?" ndinamufunsa.

"Si uli ndi mwana kumbuyo? Malemu amayi ankatero ndi agogo. Uzilankhula ndi mwanayo, iwo azimva."

Nkhata ndinaluka ine. Ndinapinda nsungwi yong'amba, n'kukulungapo nthambi za mkungudza ndi maluwa achikasu ndi oyera a m'mphepete mwa nkhalango, n'kumanga ndi zingwe za nthochi. Ndinaisiya pakhonde n'kubwerera kuseri kwa chitseko. Iwo anaipapasa kuzungulira konse, pang'onopang'ono.

"Tusayiwe," anatero, "uwauze amayi ako kuti apa pachepa masamba."

Ndinawonjezera.

Tinanyamuka m'mawa, nkhungu ili mbuu, kuzizira kwa mwezi wa Meyi kutayamba kale. Njira yotsikira kumsika wa Misuku ankaidziwa ndi mapazi, choncho anatsogola ndi ndodo yawo, ine pambuyo, mwana kumsana, nkhata m'dengu pamutu. Pamsika tinapeza kagalimoto konyamula nthochi. Dalaivala anali wa mpingo wathu. Anawakhazika kutsogolo, ine ndinakwera kumbuyo pamikoko ya nthochi. Msewu wa kumeneko ndi wokhotakhota, wotsika mpaka m'makutu kutsekeka. Tinafika pa Kapoka, pamene msewu wathu umakumana ndi wochokera ku boma kupita ku Karonga, dzuwa litangoyamba kutentha.

Masiku amenewo msewu wa Karonga unali usanaikidwe phula, ndipo galimoto zinali zosowa. Tinakhala pansi pa mtengo, iwo mbali iyi, ine mbali inayo. Patapita nthawi inabwera lole. Dalaivala anatsika, n'kuona dengu.

"Chimenecho n'chiyani, amama?"

"Nkhata," ndinayankha chapansipansi.

"Maliro ali kuti?"

"Anachitika kale," apongozi anayankha.

"Ndiye mwachedwa, adada! Ine nkhata yopanda bokosi sindinyamula. Imaitana mwini wake m'njira."

Anakwera n'kutisiyira fumbi. Ndinathyola masamba a nthochi, n'kuwanyowetsa pamjigo, n'kuphimba nkhata, pamwamba n'kumangapo chitenje. Aliyense woona akanati ndi dengu la nthochi zakupsa. Sindinanamize munthu, koma mtima sunali m'malo.

Tinadikira mpaka dzuwa kufika pamutu. Mwana anayamwa, kugona, kudzuka, kuyamwanso. Mbatata yophika ndinaika pansalu pakati pathu n'kunena kuti, "Tusayiwe, agogo ako adye, ili kudzanja lawo lamanja." Anatambasula dzanja n'kuipeza.

Kenaka inabwera minibasi yakale, chitseko chomangira chingwe. Kondakitala anawakweza apongozi, dengu n'kuliika pamwamba pa katundu kumbuyo, ndiye n'kundikankhira pampando womwewo.

"Khalani apa, pafupi ndi madala anuwa."

Ndinaima pakhomo ngati mwendo wamera mizu.

"Amama, kwerani! Dzuwa likupita ili!"

Mayi wina wonenepa amene anakhala kumbuyo anaseka kwambiri. "Iwe, sukuona kuti ndi apongozi ake? Zaka zonsezi uli pamsewu uno sunaphunzire? Sendera, ndikhale pakati ine. Thupi langali ndi mpanda wokwanira."

Anali Mayi Nangozo, kwawo ku Ntcheu, ogulitsa zitenje mumsika wa ku boma. Ankapita ku Mzuzu kukaoda katundu. Anawapatsa apongozi moni wa Chitumbuka chopindikapindika, anthu n'kuseka, kenaka anatembenukira kwa ine.

"Ife kwathu timawaopa apongozi, koma inu mwaonjeza, achemwali. Nyumba itapsa iwo ali m'kati mungatani? Mudikire mwana aphunzire kulankhula?"

Ndinangobisa nkhope pamutu pa mwana.

Tinayenda maola awiri mwina, kudumpha mabampu, fumbi likulowera pansi pa mipando. Tikutsika phiri lina tinamva phokoso pansi, galimoto n'kupendekera mbali imodzi. Dalaivala anaimika bwino ndithu. Anati chitsulo cha sipuling'i chathyoka, katundu yense atsike. Kondakitala potsitsa dengu langa anakoka chitenje, masamba a nthochi n'kugwa. Nkhata inaonekera, anthu onse akuona.

Kenaka aliyense anayamba kulankhula.

"Eee! Tayenda ndi nkhata?"

"N'chifukwa chake!"

Dalaivala anabwera ali ndi sipanala m'manja. "Amama, mwafuna kutipha? Chinthu chotere mumanena pokwera. Inu ndi agogo anuwo mutsala pano."

Pamalopo panalibe nyumba ngakhale imodzi, mitengo yokhayokha. Ndinagwada kutola masamba aja. Apongozi anali atakhala pamwala. Anakhosomola, n'kunena mokweza kumene tikupita ndi chimene tikukachita. Bambo wina wa jekete, amene anthu ankamutcha aphunzitsi, anapukusa mutu.

"Adada, pepani. Inu munthu wa kuno, zaka zija munaziona ndi maso. Ndiye muvutike ulendo wonsewu, muvutitsenso mwana wa eni, kukamuikira maluwa munthu ameneyo?"

"Aphunzitsi," anatero apongozi, "voti ija yofuna zipani zambiri inu munali kuti?"

"Ndinali ku sekondale."

"Ine ndinaponya pa nyali, kufuna zipani zambiri. Ndinayenda midzi ya ku Misuku kuuza anthu kuti aponye pa nyali, ndili wantchito wa boma. Mng'ono wanga anathawa kuwoloka mtsinje wa Songwe zaka za mantha zija, mpaka lero sitidziwa pamene anagona. Musandiphunzitse zimenezo."

"Nanga tsono bwanji?"

"Zaka zoposa makumi awiri ndinadya za boma lake. Ana anga anakula nazo. Atamwalira sindinapite kumaliro, mtima unali udakali wowawa. Kwathu munthu amene unadya naye, ngakhale munayambana chotani, ukalephera maliro ake umapita kukaona manda. Ukapanda kutero umapita nazo pansi. Sindikupita kukamutamanda ayi. Ndikupita kukaona manda."

Ine ndinali kuseri kwa mtengo, ndikuyamwitsa. Za mng'ono wawoyo ndinazimva koyamba tsiku limenelo. Ngakhale Lusayo anali asanandiuzepo.

Aphunzitsi anavula chipewa. Dalaivala yekha ndiye anali kung'ung'udzabe. Mayi Nangozo anaimirira n'kumanga chitenje m'chiuno.

"Achimwene, galimoto yanuyi inayamba kulira tisanatuluke m'boma, nkhata isanakwere. Ngati pali chakufa pano ndi imeneyi. Agogo atatilola, tikanaika nkhatayi pabonetipo n'kuimba nyimbo."

Anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba. Dalaivala naye anamwetulira osafuna, n'kulowa pansi pa galimoto. Anadula chipika cha mtengo, n'kuchimanga pasipuling'i ndi malamba a chubu. Ntchitoyo inatenga masana onse. Aphunzitsi ndiwo anawagwira dzanja apongozi kuwakweza, ndipo dengu analinyamula pamiyendo pawo mpaka ku Karonga.

Ku Karonga kunali kotentha ngati m'khitchini. Mayi Nangozo anatitengera kwa mnzawo wa zitenje, kumene tinagona. M'mawa nditavundukula dengu ndinapeza maluwa oyera atawerama onse, ena atayoyoka. Ndinawaza madzi. Maluwa a kuphiri sadziwa kutentha kwa kunyanja.

"Tusayiwe, nkhata ili bwanji?" apongozi anafunsa.

Mayi Nangozo anandiyankhira msanga. "Ili ngati yothyola lero, agogo!"

Ine ndinangovundikiranso dengu.

Tinakwera basi yaikulu ya ku Lilongwe. Kondakitala ankafuna dengu lipite kunsi pamodzi ndi matumba a mpunga, kapena ndililipirire mpando wake. Mayi Nangozo anakangana naye mpaka anagonja. Ndinalinyamula pamiyendo, mwana pachifuwa. Nyanja ndinaiona koyamba pawindo, koma sindinganene kuti ndinaiona bwino. Pokwera phiri la Chiweta basi inkayenda ngati ikukokedwa, anyani akutiyang'ana m'mbali mwa msewu, ndipo apongozi anakhosomola mpaka pamwamba.

Pa Mzuzu Mayi Nangozo anatsika. Anandigwira tsaya ngati mwana. "Kumene mukupitako kulibe Nangozo, achemwali. Pakamwapo muzitsegula."

Kuyambira pamenepo ndinakhala pampando wa tsidya lina la kanjira. Botolo la madzi ndinkaliika pansi n'kulikankha ndi phazi kuti lifike pamwendo pawo. Basi ikaima kuti anthu adzithandize, ndinkayenera kupempha bambo wosamudziwa kuti awaperekeze. Chichewa changa n'cha sukulu ya pulayimale, ndipo ndikachita manyazi chimathawa. Koma anthu ankamva, palibe anakana.

Pa Jenda apolisi anatitsitsa tonse kuti aone katundu. Wapolisi wina wachikulire anatukula chitenje, n'kuona nkhata, n'kubweza chitenjecho mosamala.

"Pepani ndi maliro, mayi."

Apongozi anamufotokozera. Iye anakanda pamutu. "Agogo, mwambo umene uja oika nkhata amakhala atalembedwa kale. Ndi akuluakulu okhaokha."

"Ndikudziwa, ndimamva pawailesi," anatero apongozi. "Ayambe akuluakulu, n'koyenera. Akatha aitana otsala."

Inenso ndinkaganiza chimodzimodzi. Kumanda kwathu zimatero. Akatha a banja, a mpingo ndi a mfumu, woyendetsa mwambo amafunsa ngati pali wina watsala ndi nkhata m'manja. Sabalalitsa anthu wina asanatule yake. Wapolisi uja anatsegula pakamwa, kenaka anangoti, "Muyende bwino."

Kasungu tinadutsa ndikusinza. Ku Lilongwe anatilandira msuweni wa Lusayo, amene amalondera pasitolo ina. M'mawa mwake iye anali wa ntchito, choncho anangotikweza minibasi n'kumuuza kondakitala potitsitsa.

Tinapeza anthu atadzaza kale. Panali matenti, mbendera, asilikali a malipenga, ndi amayi ovala nsalu zofanana akuimba. Manda ali m'nyumba yaikulu ya zipilala, pamwamba pa masitepe. Kuzungulira anamanga chingwe. Mnyamata wina wa m'gulumo anawatsogolera apongozi mpaka pafupi ndi chingwecho n'kupita. Tinakhala pansi, padzuwa.

Abusa anapemphera. Akuluakulu analankhula, wina pambuyo pa mnzake. Kenaka lipenga linalira, anthu onse n'kuimirira, ndipo anayamba kuitana mayina. Aliyense woitanidwa ankayenda pang'onopang'ono, asilikali awiri atamunyamulira nkhata patsogolo. Zinali nkhata zazikulu ngati gudumu la ngolo, za maluwa ofiira, zomangidwa ndi maliboni olembedwa. Ndinatulutsa yathu m'dengu n'kuiika pansalu. Apongozi anaitola n'kuigwira pachifuwa ndi manja onse awiri, ndodo atapanira m'khwapa. Dzina lililonse likatchulidwa ankawerama pang'ono, ngati akuwerenga otsala.

Mayina anatha. Tinadikira. Woyendetsa mwambo anathokoza onse obwera, gulu linaimba nyimbo ya fuko, galimoto za akuluakulu zinayamba kutuluka. Apongozi anali chiimire.

"Tusayiwe," anatero, "aitana?"

"Tusayiwe, uwauze agogo ako kuti anthu akupita."

Sanakhalenso pansi. Anthu ankatidutsa mbali zonse, ena akuyang'ana nkhata yathu n'kunong'onezana. Antchito anayamba kugwetsa matenti. Apongozi ndinawayang'ana manja, chifukwa kumaso sindikanatha. Zala zawo zinali zitalowa m'masamba a mkungudza.

Polowera panali wapolisi wachinyamata ndi buku patebulo. Ndinapita n'kugwada. Mawu anatuluka ang'onoang'ono, mpaka iye anawerama kuti amve.

"Mwambo watha, mayi. Lero tatseka, akuchotsa zinthu. Mubwere mawa kapena mkuja."

"Bwana," ndinatero, "tachokera ku Misuku, ku Chitipa. Tayenda masiku awiri. Agogowa saona, ndipo akudwala chifuwa. Iwo amadziwa kuti tsiku lake ndi lero. Nkhata ndinaluka ndekha, mawa ikhala itatha. Ife timayesa muitana otsala. Sitinadziwe. Chonde."

Chibadwire ndinali ndisanalankhulepo mawu ambiri chonchi kwa munthu wa yunifolomu. Iye anayang'ana apongozi, n'kuyang'ana anzake, n'kukoka buku.

"Dzina lawo ndani?"

Ndinayang'ana pansi.

"Mayi, dzina la agogowa. Simukulidziwa?"

"Ndikulidziwa."

"Ndiye tchulani."

Dzinalo linali m'kamwa momwemo, koma silikanatuluka. Wapolisi anayamba kutseka buku. "Aaa, mayi, musandiseweretse. Mwangowatola panjira eti?"

Apongozi anali atamva. Kuchokera pamene anaima anatchula dzina lawo lonse, mudzi wawo, ndi ntchito imene ankagwira, mokweza ngati ali pamzere wa ntchito. "Ameneyo ndi mkamwana wanga," anawonjezera. "Musamukakamize. Analeredwa bwino."

Wapolisi analemba. Anatukula chingwe. "Mphindi zisanu. Ine sindichoka pano, ndiye muwakweze nokha."

Ndinayang'ana uku ndi uku. Panalibe Nangozo, panalibe aphunzitsi. Antchito anali kalikiliki ndi mapaipi a matenti. Apongozi analowa, nkhata m'manja onse awiri, ndodo ilibe dzanja loigwira. Ine ndinatsata pambuyo.

"Tusayiwe, agogo ako apite patsogolo. Pang'ono kumanzere. Apo pali sitepe."

Anakwera yoyamba, yachiwiri, yachitatu. Miyalayo inali yoterera, yosiyana ndi njira za kwathu zimene mapazi awo ankadziwa. Kumbuyo kwathu paipi inagwa pansi ndi phokoso lalikulu. Mwana anadzidzimuka n'kuyamba kulira m'khutu mwanga. Ndinanena kuti pali sitepe ina, koma sanamve. Phazi lawo linagunda m'mphepete, ndodo inagwa n'kugubuduka, thupi lonse linapendekera kutsogolo, ndipo nkhata sanaitaye kuti adzitchinjirize.

Sindikumbuka kuganiza. Ndinangopezeka ndawagwira mkono ndi manja awiri. Unali wopepuka, fupa lokhalokha m'kati mwa jekete. Tinaima choncho, iwo akupuma movutikira. Ndinadikira kuti andikankhe. Sanatero.

"Atata," ndinatero, "kwezani mwendo. Zatsala ziwiri."

Anakweza.

M'katimo munali mozizira ndi mwabata, mukununkhira maluwa. Nkhata za akuluakulu zinali zitaunjikana kuzungulira manda. Ndinawafikitsa pafupi n'kuwagwiritsa mwala. Anavula chipewa, n'kugwada pang'onopang'ono, bondo limodzi kenaka linalo. Inenso ndinagwada. Anapapasa mpaka anapeza kampata pakati pa nkhata ziwiri zazikulu, n'kuika yathu pamenepo. Analankhula m'Chisukwa cha kwathu, motsitsa, ngati akulankhula ndi munthu amene wakhala naye pakhonde.

"Ndabwera. Ndinachedwa, koma ndabwera. Zabwino zanu ndinadya, zowawa zanu ndinamwa. Za mng'ono wanga mukakambirana komweko. Ine ndatula."

Mwana anali atatonthola. Panja wapolisi anakhosomola kutikumbutsa nthawi. Apongozi anatembenuzira nkhope kumene ndinali.

"Mkamwana," anatero, "yakhala bwanji?"

Ndinaiyang'ana. Pakati pa zinzake inali ngati kankhuku pakati pa ng'ombe. Nsungwi inkaonekera mbali imodzi, mkungudza utayamba kufiira.

"Yafota, atata. Maluwa ambiri anatsala m'njira. Koma yakhala bwino, siigwa."

Anagwedeza mutu kawiri.

"Ndagha," anatero, kuthokoza mwa kwathu. "Ndidzutseni tsopano, tizipita. Mwanayo akufuna kuyamwa."